Kuphunzira ukonzi pa magazini ya matenda a impso: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene madokotala, anamwino ndi asayansi ongoyamba kumene kafukufuku wa impso amafunsa kawirikawiri akamva zoti magazini ena amaphunzitsa achinyamata ntchito ya ukonzi. Tayambira pa osavuta. Funso likakhala kuti layankhidwa kale pena, tikulozerani kumeneko.

Kodi maphunziro a ukonzi ndi chiyani kwenikweni?

Magazini ya zachipatala imatenga ochita kafukufuku ochepa n'kuwaika pafupi ndi akonzi ake kwa nthawi yoikika, kawirikawiri chaka chimodzi kapena ziwiri. Pa zilengezo mudzaona akulemba kuti editorial fellowship kapena editorial internship. Si maphunziro a m'kalasi ayi. Wophunzira amapatsidwa mlangizi, yemwe ndi mmodzi wa akonzi, ndipo amawerenga mapepala enieni amene ofufuza atumiza, amalemba maganizo ake, kenako amawayerekeza ndi a mlangiziyo komanso a akatswiri ena ounika. Amakhalanso nawo pa misonkhano ya akonzi, imene masiku ano yambiri imachitikira pa intaneti.

Chimene amaphunzira kwambiri ndi kuweruza: kodi zimene olemba akunena kumapeto kwa pepala zikuchokeradi m'zimene anayeza? Zina zonse zimatsamira pa funso limeneli.

Ndi magazini ati a impso amene amachita zimenezi?

American Journal of Kidney Diseases, yomwe ambiri amangoti AJKD, ya bungwe la National Kidney Foundation ku America, ili ndi Editorial Internship. Journal of the American Society of Nephrology, kapena kuti JASN, ili ndi Editorial Fellowship. Ndi bwinonso kumayang'ana zilengezo za CJASN ndi Kidney360, omwe ndi a bungwe lomwelo la American Society of Nephrology. Kidney International ndi Kidney International Reports a International Society of Nephrology. Komanso Nephrology Dialysis Transplantation ndi Clinical Kidney Journal a European Renal Association. Malamulo olowera amasintha chaka ndi chaka, choncho dalirani chilengezo cha chaka chimenecho, osati zimene mnzanu anakuuzani zaka zitatu zapitazo.

Mkonzi ndi wounika, si munthu mmodzi yemweyo?

Ayi. Wounika ndi katswiri wakunja amene wapemphedwa kuwerenga pepala limodzi n'kupereka malangizo. Mkonzi ndi amene amasankha ounikawo, amawerenga malipoti awo, ndipo ndiye amagamula. Wounika akhoza kunena kuti pepala likanidwe, mkonzi n'kuona kuti zifukwa zake n'zosakwanira. Mkonzi amaganiziranso zinthu zimene wounika saziona: mapepala ena a nkhani yomweyo amene ali pa mzere, owerenga a magaziniyo, ndi malo amene alipo.

Pepala likatumizidwa limadutsa muti?

Olemba amalitumiza kudzera pa pulogalamu ya pa intaneti, kawirikawiri Editorial Manager kapena ScholarOne. Ogwira ntchito mu ofesi ya magazini amayamba aona ngati zonse zilipo: chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu ochita nawo kafukufuku, mafomu oulula za ndalama ndi maubale, kuchuluka kwa mawu. Amalidutsitsanso pa makina monga iThenticate oona ngati mawu ake akufanana ndi zolembedwa kale.

Kenako mkonzi wamkulu kapena womutsatira amaliwerenga n'kusankha chimodzi mwa ziwiri: kulibweza pomwepo osalitumiza kwa ounika, kapena kulipereka kwa mkonzi wodziwa bwino nthambi imeneyo, kaya ndi dayalisisi (kusefa magazi m'malo mwa impso zimene zalephera), kuika impso ina, matenda a tizosefera ta mu impso, kapena kafukufuku wa mu labotale. M'magazini akuluakulu mapepala ambiri amathera pa khomo loyambali. Kubweza msanga si nkhanza. Olemba amapeza mpata wotumiza kwina m'masiku ochepa m'malo modikira miyezi.

Mkonzi wachiwiriyu amafunafuna ounika awiri kapena atatu, ndipo apa ndi pamene nthawi imatayikira, chifukwa ambiri opemphedwa amakana kapena sayankha n'komwe. Ovomera amapatsidwa masabata awiri kapena atatu. Malipoti akabwera, nthawi zina limodzi ndi la katswiri wa ziwerengero, akonzi amakambirana n'kugamula: kukana, kupempha kusintha kwakukulu, kapena kusintha pang'ono. Kuvomereza pepala ulendo woyamba popanda kusintha kalikonse n'kosowa kwambiri.

Ndani angapemphe malo, ndipo atumize chiyani?

Nthawi zambiri amafuna madokotala amene akuphunzira ukatswiri wa impso kapena angomaliza kumene, ndi asayansi amene angotenga PhD. Amapempha CV, kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira, ndi kalata ya mkulu wanu wa kuntchito.

Kalata yanu isakhale yotamanda magazini. Nenani nthambi imene mumaidziwa, njira za kafukufuku zimene mungathe kuziunika molimba mtima, mapepala amene mwaunikapo ngakhale mothandizana ndi mphunzitsi wanu, ndi chimene mungabweretse chomwe akonziwo alibe. Kalata ya mkulu wanu inene poyera kuti adzakupatsani nthawi. Vuto lofala ndi lakuti munthu amasankhidwa koma ndandanda ya ku wodi n'kukhala yomweija, ndiye malipoti amayamba kuchedwa mwezi wachiwiri womwe.

Kodi pali malipiro? Nanga zimadya nthawi yochuluka bwanji?

Musalowe ndi mtima wa malipiro. Kuunika mapepala sikulipidwa m'magazini ambiri, ndipo ngati pulogalamu ili ndi thandizo lililonse, monga la ulendo wa ku msonkhano wa pachaka, chilengezo chimanena. Za nthawi, pepala limodzi kwa woyamba kumene limatha kudya tsiku lathunthu, makamaka mukawerenganso matebulo owonjezera, zomwe muyenera kuchita. Onjezanipo misonkhano, imene kwa munthu wokhala ku Lilongwe kapena ku Lusaka ikhoza kugwera madzulo kapena usiku ngati akonzi ali ku America.

Lipoti labwino la kuunika limalembedwa bwanji?

Werengani pepala kawiri. Ulendo woyamba musalembe kanthu, ingofunani kudziwa funso la kafukufuku ndi yankho limene olemba akupereka. Ulendo wachiwiri yambirani pa njira zimene anatsata ndi matebulo, mawu oyamba ndi zokambirana muziwerenge pomaliza, kuti luso la kalembedwe lisakunyengeni.

Lipoti liyambe ndi ziganizo zitatu kapena zinayi zonena chimene olemba anachita ndi chimene anapeza. Akonzi amaonera pamenepa ngati mwalimvetsa pepalalo. Kenako mfundo zikuluzikulu, zoikidwa manambala, iliyonse ikunena vuto, chifukwa chake likusokoneza zotsatira, ndi chimene olemba angachite. Zing'onozing'ono zibwere pambuyo. Kulemba kuti “chiwerengero cha odwala n'chochepa” sikuthandiza aliyense. Lembani kuti odwala amene anafika pa dayalisisi ndi ochepa poyerekeza ndi zinthu zimene zaikidwa mu kawerengedwe, choncho zotsatira zikhoza kungochitika mwamwayi, ndipo pemphani kuti achepetse zinthuzo kapena afewetse zonena zawo.

Pali bokosi lapadera la mawu opita kwa akonzi okha. Maganizo anu oti pepala likanidwe kapena livomerezedwe alembeni mmenemo, osati m'gawo la olemba. Koma zimene mwauza akonzi zisasemphane ndi zimene mwauza olemba. Zimapweteka kulandira malipoti okoma okhaokha pamodzi ndi kalata yokana.

Chinanso: musapemphe kafukufuku wina watsopano amene angatenge zaka ziwiri, ndipo musakakamize olemba kutchula mapepala anu.

Ndi zolakwika ziti zimene zimapezeka makamaka m'mapepala a impso?

Apa ndi pamene wophunzira wa impso amaposera wounika wamba, ndiye tichedwepo.

Choyamba ndi tanthauzo la matenda a impso okhalitsa, CKD. Malinga ndi KDIGO, bungwe la padziko lonse lolemba malangizo a matenda a impso, pamafunika eGFR (chiwerengero choyerekeza mmene impso zikusefera magazi) yochepera 60, kapena chizindikiro china cha kuwonongeka kwa impso monga puloteni ya albumin ya mu mkodzo yofika 30 mg/g pa muyezo wa ACR (woyerekeza albumin ndi creatinine, chinthu chotsalira m'thupi chimene impso zimasefa m'magazi), ndipo vutolo likhale litapitirira miyezi itatu. Mapepala ambiri amayeza magazi kamodzi kokha n'kulengeza kuti apeza kuchuluka kwa CKD m'dera. Munthu amene anayezedwa ali ndi malungo, akutsegula m'mimba kapena atasowa madzi m'thupi akhoza kukhala bwinobwino patapita mwezi. Kuyeza kamodzi kumakweza chiwerengero. Ngati olemba sangathe kuyezanso, alembe kuti apeza eGFR yotsika, osati CKD. Chimodzimodzi ndi kakapepala koviika mu mkodzo: kamasintha malinga ndi kuchuluka kwa madzi amene munthu wamwa, ndipo m'madera a likodzo magazi a mu mkodzo amasokoneza zotsatira.

Chachiwiri ndi njira yowerengera eGFR kuchokera pa creatinine wa m'magazi. Funsani kuti anagwiritsa ntchito iti: MDRD, CKD-EPI ya 2009, kapena CKD-EPI ya 2021 imene inachotsa chiwerengero chapadera cha anthu akuda. Nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji. Kafukufuku wa ARK, amene anayeza kagwiridwe ntchito ka impso ndi iohexol, mankhwala obayidwa m'magazi poona mmene impso zikusefera, mwa anthu a ku Malawi, Uganda ndi South Africa ndipo anatuluka mu The Lancet Global Health mu 2022, anaonetsa kuti njira zodalira creatinine zimaonetsa ngati impso zikugwira bwino kuposa mmene zilili, ndipo zodalira cystatin C, puloteni ina ya m'magazi, zinayandikirako ku zoona. Ndiye pepala lochokera mu Africa lodalira creatinine yekha likhoza kubisa odwala ambiri, ndipo olemba ayenera kuvomereza zimenezi.

Chachitatu ndi creatinine mwini wake. Anayezedwa ndi njira ya Jaffe kapena ya ma enzyme? Makina anayerekezedwa ndi muyezo wa IDMS, umene umachititsa kuti zotsatira za ma labotale osiyanasiyana zigwirizane? Ngati labotale inasintha makina kafukufuku ali mkati, kusintha kwa eGFR kukhoza kukhala kwa makina, osati kwa impso. Zili ngati kuyeza chimanga pa sikelo ina pogula ndi ina pogulitsa. Kumbukiraninso kuti creatinine amachokera ku minofu: wodwala wowonda kwambiri ndi TB kapena khansa amakhala ndi creatinine wotsika ngakhale impso zake zikuvutika. Mankhwala ena, monga dolutegravir wa m'ma ARV ndi trimethoprim wa mu Bactrim, amakweza creatinine pang'ono potsekereza njira imene amatulukira m'timachubu ta impso, pomwe kusefa kwenikweni sikunasinthe. Tenofovir wa mtundu wa TDF, yemwenso ndi wa m'ma ARV, ndiye angathe kuvulazadi impso. Pepala la anthu omwa ma ARV limene silisiyanitsa zinthu ziwirizi lili ndi bowo lalikulu.

Chachinayi ndi kuvulala kwa impso kwadzidzidzi, AKI. KDIGO ya 2012 imati creatinine akwere ndi 0.3 mg/dL m'maola 48, kapena afike kuchulukitsa 1.5 pa mlingo wake wakale m'masiku 7, kapena mkodzo uchepere 0.5 mL pa kilogalamu pa ola kwa maola 6. Vuto ndi mlingo wakalewo. Odwala ambiri amafika kuchipatala opanda zotsatira zam'mbuyo, ndiye ofufuza amangoyerekeza, mwina potenga creatinine wotsikitsitsa wa nthawi imene anagonekedwa, mwina powerengera chobwerera kuchokera pa eGFR ya 75. Njira iliyonse imapereka chiwerengero chake, ndipo yachiwiriyi imatha kusandutsa wodwala CKD kukhala wa AKI. Olemba anene imene anatsata, ndipo aonetse ngati zotsatira zikusintha akatsata ina.

Pomaliza yang'anani miyezo. Kuchoka pa mg/dL kupita pa µmol/L mumachulukitsa ndi 88.4, ndipo ACR ya 30 mg/g ndi pafupifupi 3 mg/mmol. Kusakaniza ziwirizi mu tebulo limodzi kumachitika kawirikawiri kuposa mmene mungaganizire.

Sindine katswiri wa ziwerengero. Kodi ndingakwanitse?

Mungakwanitse, bola mudziwe misampha ingapo ndi kudziwa nthawi yoitana katswiri.

Msampha waukulu pa impso ndi imfa imene imabwera impso zisanalephereretu. Tiyerekeze odwala okalamba 100 a G4, omwe eGFR yawo ili pakati pa 15 ndi 29. M'zaka zisanu, 20 afika pa dayalisisi ndipo 40 amwalira asanafikepo. Chiopsezo chenicheni cha dayalisisi ndi 20 pa 100. Koma njira yofala yowerengera chiopsezo, ya Kaplan-Meier, imatenga omwalirawo ngati anthu amene angosowa koma akadali ndi mwayi wodzafika pa dayalisisi, ndiye imatulutsa chiwerengero choposa 20. Ngati cholinga ndi kuuza wodwala chiopsezo chake, pemphani njira yowerengera imfa ngati chotsatira chopikisana, monga ya Fine ndi Gray.

Wachiwiri ndi nthawi imene munthu sakanatha kufa. Poyerekeza amene anaikidwa impso ina ndi amene anakhalabe pa dayalisisi, oikidwawo anayenera kukhala ndi moyo mpaka tsiku la opaleshoni. Mukawerengera miyezi yodikirayo ku gulu lawo, opaleshoni imaoneka yopulumutsa kuposa mmene ilili. Wachitatu ndi wofanana nawo: amene ayamba dayalisisi msanga amaoneka ngati akhala nthawi yaitali chifukwa wotchi yawo inayamba kale kuwerenga. Funso limeneli linafunika kafukufuku wogawa odwala mwamaere, IDEAL, wa 2010, amene sanapeze phindu pa kuyamba msanga.

Onaninso mankhwala amene amatsitsa eGFR m'masabata oyamba koma n'kuteteza impso pambuyo pake, monga a gulu la SGLT2 amene anayesedwa mu CREDENCE, DAPA-CKD ndi EMPA-KIDNEY. Kafukufuku wa miyezi itatu yokha akhoza kuwaweruza molakwika.

Mukaona kawerengedwe kamene simukukadziwa, lembani m'bokosi la akonzi kuti gawo limenelo simunaliunike. Akonzi amalemekeza wounika wotere.

Kodi pali ndandanda yondithandiza kuti ndisaiwale kanthu?

Ilipo, malinga ndi mtundu wa kafukufuku: CONSORT pa wogawa odwala mwamaere, STROBE pa wongotsatira anthu, PRISMA pa wosonkhanitsa zofufuza zakale, STARD pa njira zoyezera matenda, TRIPOD pa zolosera chiopsezo, ARRIVE pa wa nyama. Zonse zili pa tsamba la EQUATOR Network. Pa kafukufuku woyesa mankhwala, tsegulani kaundula, kaya ndi ClinicalTrials.gov kapena Pan African Clinical Trials Registry, muone ngati chotsatira chachikulu chimene analembetsa poyamba ndi chomwecho chimene chili mu pepala. Kuyambira 2005 magazini otsatira ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala a m'maiko osiyanasiyana, amafuna kuti kafukufuku wotere alembetsedwe asanayambe kulemba odwala. Chotsatira chikasintha popanda kufotokoza, funsani.

Ndandandazi zimangokuuzani ngati chinthu chalembedwa. Sizikuuzani ngati chachitidwa bwino.

Ndingaonetse mnzanga pepala, kapena kuliika mu pulogalamu ya AI kuti indithandize?

Ayi pa zonse ziwiri, pokhapokha magazini italola. Pepala losasindikizidwa ndi chinsinsi cha olemba. Simuligawa, simulitchula pa msonkhano, simutengamo nzeru kukayambira kafukufuku wanu. Kuliika mu pulogalamu ya AI imene simukudziwa kumene imasunga zinthu n'chimodzimodzi kulipereka kwa mlendo, ndipo malangizo a ICMJE amachenjeza za zimenezi. Ngati mukufuna thandizo la mnzanu, pemphani chilolezo kwa mkonzi ndipo dzina lake lilembedwe.

Nanga ndikapeza kuti olemba ndikuwadziwa?

Gulu la akatswiri a impso ndi laling'ono, makamaka mu Africa, choncho zidzachitika. Kudziwana kokha si vuto. Vuto ndi kugwira ntchito pamalo amodzi, kulembera limodzi pepala m'zaka zaposachedwa, kukhala mphunzitsi ndi wophunzira, kupikisana pa funso lomwelo, kapena kulandira ndalama ku kampani yopanga mankhwala amene akuyesedwa. Uzani mlangizi wanu musanawerenge kupitirira chidule, iye ndiye agamule. Pepala lanu likatumizidwa ku magazini yomweyo, mumatuluka m'zokambirana zake zonse.

Ndikakayikira chinyengo ndichite chiyani?

Musalembere olemba nokha, ndipo musawaimbe mlandu mu lipoti. Lembani kwa mkonzi zimene mwaona, mwachindunji: chithunzi cha nyama ya impso cha pa tsamba lakuti chikufanana ndi cha gulu lina chitangotembenuzidwa, kapena manambala a tebulo loyamba sakugwirizana ndi a lachitatu. Bungwe la COPE, loona za khalidwe loyenera pa kusindikiza kafukufuku, lomwe linayamba mu 1997, lili ndi ndondomeko za chochita pa kubera zolemba za ena, kusintha zithunzi, ndi mikangano ya amene ayenera kulembedwa ngati olemba. Nthawi zambiri likhala vuto la kusasamala, koma kufufuza kwake ndi kwa akonzi ndi sukulu ya olembawo.

Pa mapepala a kuika impso pali funso lina losayenera kulumphidwa: impsozo zinachokera kuti? Declaration of Istanbul ya 2008 imaletsa malonda a ziwalo za anthu, ndipo magazini a impso sayenera kusindikiza zotsatira zochokera ku ziwalo zogulidwa kapena zotengedwa kwa akaidi ophedwa. Ngati pepala silinena za opereka ndi chilolezo chawo, funsani.

Ounika awiri akasemphana, mkonzi amatani?

Sawerenga mavoti. Amayang'ana zifukwa. Wina akhoza kuyamikira pepala m'mizere isanu pomwe wina wapeza vuto limodzi la mtundu umene tafotokoza pa funso la ziwerengero, ndipo vuto limodzilo n'kukwanira kuligwetsa. Mkonzi amadzifunsa ngati vutolo lingakonzeke ndi zimene olemba ali nazo kale. Kusanthula kolakwika kumakonzeka. Kusowa kwa gulu loyerekezera, kapena mkodzo umene sunayezedwe n'komwe, sikukonzeka. Kalata yopita kwa olemba iwauze mfundo zimene ayenera kuyankha ndithu ndi zimene angazisiye, makamaka pamene ounika apempha zinthu zotsutsana. Ophunzira ambiri amapatsidwa ntchito yolemba kalata imeneyi, ndipo mlangizi amaikonza.

Kodi wochokera ku Malawi kapena maiko oyandikana nawo ali ndi mwayi?

Onani kaye ngati pulogalamuyo imalandira anthu akunja ndiponso ngati imafuna umembala wa bungwe. Ikakhala yotseguka, pemphani, ndipo musadzichepetse mu kalata. Dokotala amene waonapo AKI ya malungo, ya matenda a uchembere kapena ya mankhwala azitsamba, amene akudziwa kuti makina a dayalisisi a ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi Kamuzu Central Hospital sangafikire aliyense wowafuna, amawerenga pepala ndi maso ena. Amadziwa kuti m'dziko limene dayalisisi ndi yosowa, “kuyamba dayalisisi” si muyezo wabwino wa kulephera kwa impso, chifukwa ambiri olephera impso safikapo. Amadziwanso kusiyanitsa chofooka chimene chikuononga zotsatira ndi chofuna cha wounika amene sanagwirepo ntchito kopanda cystatin C kapena kopanda woyeza nyama ya impso. Magazini a impso akufunika anthu otere pa tebulo la akonzi, ndipo pakali pano ndi ochepa.

Ndikapanda kusankhidwa, ndingaphunzire kuti?

Malo amakhala ochepa, ndiye yambani ndi zimene zili pafupi. Pemphani mphunzitsi wanu kuti akalandira pepala muliunikire limodzi, atadziwitsa magazini. Lembetsani ngati wounika ku Malawi Medical Journal kapena African Journal of Nephrology, ndipo mutchule nthambi zenizeni zimene mumazidziwa, osangoti “impso”. Tsegulani nambala ya ORCID kuti ntchito yanu izilembedwa pamalo amodzi. Tsatirani zokambirana za NephJC, kumene akatswiri amasanthula mapepala a impso poyera. Magazini monga BMJ Open amasindikiza malipoti a ounika pamodzi ndi pepala: sankhani pepala la impso, lembani lipoti lanu musanaone awo, kenako yerekezani. Mukaunikira magazini, pemphani kuona malipoti a anzanu ndi kalata ya mkonzi, muone mfundo zimene munaphonya, ndipo muzitchule ntchito imeneyi mu kalata yanu chaka chotsatira.